Kodi Black Panther: Wakanda Forever inakwanitsa zimene anthu ankayembekezera?

Filimu ya Black Panther: Wakanda Forever inayamba kuonetsedwa pa 11 November 2022, ndipo nkhani zake zinagawanika pawiri. Ena ankati yachita zodabwitsa, chifukwa m'masiku atatu oyambirira inatolera madola 181 miliyoni ku America ndi ku Canada, ndalama zimene filimu ina iliyonse yotuluka mu November inali isanapezepo. Ena ankati yagwa chagada, chifukwa pamapeto pake inatolera madola pafupifupi 859 miliyoni padziko lonse, pomwe yoyamba ija ya 2018 inadutsa madola 1.3 biliyoni. Magulu onse awiriwa sakunama. Chimene chimasokoneza n'chakuti mawu oti "zimene anthu ankayembekezera" amabisa zinthu zingapo zosiyana: zimene kampani inkafuna, zimene otsatsa malonda analonjeza, zimene filimu yoyamba inasiya m'mitima ya anthu, komanso zimene olira maliro a Chadwick Boseman, wosewera wamkulu wa filimu yoyambayo, ankafuna kuona. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi muyezo wakewake.

Filimu imene siiyenda yokha

Ngwazi za mphamvu zodabwitsa zinayambira m'timabuku ta nthano za zithunzi ku America. Superman anaonekera koyamba mu 1938. Namor, mfumu ya pansi pa nyanja imene ikulimbana ndi Wakanda, dziko lopeka la mu Africa, mu filimuyi, anajambulidwa ndi Bill Everett mu 1939. Black Panther, amene ndi T'Challa mfumu ya Wakanda, anabwera mochedwa, mu July 1966, m'kabuku ka Fantastic Four nambala 52 kolembedwa ndi Stan Lee ndi Jack Kirby.

Kusintha kwakukulu kunabwera mu 2008 pamene kampani ya Marvel inatulutsa Iron Man ndi cholinga choti mafilimu ake onse azilumikizana ngati nkhani imodzi. Chaka chotsatira Disney inagula Marvel pa mtengo wa madola pafupifupi 4 biliyoni. Wakanda Forever inali filimu ya nambala 30 pa mndandanda umenewu. Zili ngati sewero la pa wailesi lopitirira sabata ndi sabata: gawo lililonse liyenera kumaliza nkhani yake, komanso kusiya khomo lotsegula kuti omvera abwerenso.

Pamenepa ndi pamene pamayambira vuto limodzi. Filimu yotere imasenza katundu wa mafilimu ena amene sanatuluke. Mtsikana wanzeru za makina, Riri Williams, analowetsedwa mu nkhaniyi pomwe kampani inali italengeza kale kuti adzakhala ndi sewero lakelake pa Disney+, malo oonerapo mafilimu a Disney pa intaneti. Palinso zigawo za akazitape a boma la America, Everett Ross ndi bwana wake Valentina, zimene olemba ndemanga ambiri anati zimachedwetsa nkhani ya Wakanda. Amene amatsatira mafilimu onse 30 amaziona ngati mlatho wopita kutsogolo. Amene anabwera kudzaona Wakanda yokha amaziona ngati mlendo wolowerera pa nkhani ya m'banja.

Mmene phokoso limaphikidwira

Kutchuka kwa filimu isanatuluke sikungochitika mwangozi. Ndi ntchito imene ili ndi ndondomeko ndi bajeti yake, ndipo pa mafilimu aakulu chonchi ndalama zotsatsira zokha kawirikawiri zimadutsa madola 100 miliyoni, kuwonjezera pa zojambulira.

Choyamba amalengeza tsiku, nthawi zina nkhani isanalembedwe n'komwe. Tsiku la filimuyi linalengezedwa mu August 2019, loti idzatuluka mu May 2022. Kenaka linasunthidwira ku July, n'kudzafika ku November. Dzina lake linaululidwa mu May 2021. Kachidutswa kokopa anthu, kamene amakatcha trailer, kanaonetsedwa mu July 2022 pa msonkhano waukulu wa okonda mafilimu otere wa San Diego Comic-Con, ndipo malinga ndi ziwerengero zimene zinalengezedwa kanaonedwa maulendo 172 miliyoni m'maola 24. Kutatsala masabata awiri, Rihanna anatulutsa nyimbo ya mu filimuyi, yoyamba kuimba yekha kuchokera mu 2016, ndipo nkhani inafika kwa anthu amene sasamala za Marvel. Panalinso madyerero oonetsa filimuyi koyamba, ku Los Angeles, ku London ndi ku Lagos.

Pali kachinthu kamodzi kofunika kukadziwa pa madyerero amenewa. Oitanidwa amaloledwa kulemba mizere iwiri kapena itatu pa intaneti usiku womwewo, koma ndemanga zazitali zimaletsedwa mpaka tsiku limene kampani yaika. Choncho mawu oyamba amene dziko limamva amachokera kwa anthu amene aonera filimu ali pakati pa osewera ake, m'chipinda chodzaza ndi m'manja ndi nthungululu. Sikuti amanama, koma malo oterewo sapatsa munthu mpata wodandaula. Ndemanga zodekha zimadza patapita masiku, matikiti ambiri atagulidwa kale.

Trailer nayo ili ngati kachidutswa kamene wogulitsa chivwende amakulawitsa: amadula pofiira kwambiri. Ndi mphindi ziwiri zosankhidwa mwa mphindi 161, zoyalidwa pa nyimbo imodzi yogwira mtima, popanda zokambirana zazitali zimene zimamanga nkhani. Ya Wakanda Forever inali yachisoni ndi yaulemu, ndipo inalonjeza mwambo wa maliro. Filimu yeniyeni inali ndi malirowo, komanso nkhondo za pa nyanja, magalimoto othamangitsana ndi nthabwala. Akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri siichedwa kung'ambika, ndipo otsatsa malonda amadziwa ngozi imeneyi: akakokomeza kwambiri amadzaza maholo sabata yoyamba, koma amakwezanso chingwe chimene filimu iyenera kudumpha.

Mthunzi wa filimu yoyamba

Black Panther ya February 2018, yotsogoleredwa ndi Ryan Coogler, inachita zimene filimu ya ngwazi inali isanachitepo. Inasankhidwa kupikisana pa mphoto zisanu ndi ziwiri za Oscar, kuphatikizapo ya filimu yabwino koposa, ndipo inapambana zitatu: ya zovala kwa Ruth E. Carter, ya kamangidwe ka malo ojambulira kwa Hannah Beachler, ndi ya nyimbo kwa Ludwig Göransson.

Kwa oonera a ku Africa panali zambiri kuposa mphoto. Anaona dziko la mu Africa, ngakhale lopeka, limene silinalamulidwepo ndi atsamunda. Anamva isiXhosa ikuyankhulidwa m'bwalo la mfumu, chinenero chimene chinalowa kudzera mwa John Kani wa ku South Africa amene anasewera ngati mfumu T'Chaka. Anaona mabulangete a Basotho pa mapewa a alonda a m'malire, anamva mawu a Baaba Maal wa ku Senegal. Mwa osewera, Danai Gurira anakulira ku Harare, Lupita Nyong'o ku Kenya. Ndipo malemu Connie Chiume, amene anakhala pakati pa akuluakulu a bwalo la mfumu m'mafilimu onse awiri, anabadwira ku South Africa koma bambo ake anali ochokera ku Usisya m'boma la Nkhata Bay.

Mphamvu yambiri ya filimu yoyambayo inali yakuti zonsezi zinali zatsopano. Chinthu chatsopano sichibwerezeka. Amene analowa mu holo mu 2022 akufuna kudzidzimukanso ngati mu 2018 ankapempha chinthu chimene filimu yachiwiri iliyonse singapereke.

Mfumu ikamwalira: kulowa dzina kapena kusiya mpando

Apa ndi pamene filimuyi imasiyana ndi mafilimu ena onse otchuka asanatuluke. Chadwick Boseman, amene ankasewera ngati mfumu T'Challa, anamwalira pa 28 August 2020 ali ndi zaka 43, atadwala khansa ya m'matumbo kwa zaka zinayi osalengeza. Pa nthawiyo Coogler anali atalemba kale nkhani ya filimu yachiwiri, yokhudza T'Challa ndi mwana wake wamwamuna.

Wosewera wamkulu akamwalira, opanga mafilimu amakhala ndi njira zitatu. Yoyamba ndi kupereka udindowo kwa munthu wina. Zimenezi si zachilendo: James Bond wakhala ndi nkhope zambiri, ndipo ku Marvel komweko Mark Ruffalo analowa m'malo mwa Edward Norton ngati Hulk, Don Cheadle m'malo mwa Terrence Howard. Yachiwiri ndi kupanga nkhope ya womwalirayo pa kompyuta, monga anachitira ndi Paul Walker mu Furious 7 ya 2015, pomwe abale ake ankaima m'malo mwake kenaka nkhope n'kusinthidwa. Yachitatu ndi kulemba nkhani yoti munthu wa m'nthanoyo nayenso wamwalira. Mu December 2020, mkulu wa Marvel Studios, Kevin Feige, analengeza kuti T'Challa sapatsidwa wosewera wina. Coogler ndi mnzake Joe Robert Cole analembanso nkhani yonse.

Mkangano umene unatsatira ndi wodziwika kwa aliyense amene anakhalapo pa zokambirana za ufumu. Mbali imodzi imati dzina la ufumu silifa: munthu amapita, wina amalowa dzinalo, mudzi n'kupitirira. Amenewa anayambitsa ngakhale kusaina zikalata pa intaneti zopempha kuti T'Challa apatsidwe wosewera wina. Mfundo yawo inali yakuti ngwazi yachimuna yachikuda yotchuka chonchi, imene yakhala m'mabuku kuyambira 1966, siyenera kuikidwa m'manda itangotsogolera filimu imodzi. Mbali inayo imati simungakhazike munthu pa mpando misozi isanaume, ndipo anzake a Boseman sakanatha kuyang'ana munthu wina n'kumutchula dzina lomwelo. Mfundo zonse ziwiri zili ndi ulemu mkati mwake.

Zotsatira za chisankhocho zimaonekera mu mphindi zoyambirira. Filimu imayamba Shuri, mlongo wa mfumu, ali m'chipinda chake cha sayansi kuyesetsa kupanga mankhwala, koma uthenga umafika iye asanamalize. Anthu a Wakanda amaperekeza bokosi atavala zoyera, ng'oma zikulira, ena akuvina. Kenaka chizindikiro cha Marvel, chimene nthawi zonse chimabwera ndi nyimbo yaphokoso, chimadutsa kuli zii, chikuonetsa zithunzi za Boseman yekha. Patapita chaka, mayi wake Ramonda amatengera Shuri kumtsinje kuti akawotche zovala za maliro, monga chizindikiro choti nthawi yolira yatha, koma Shuri amakana. Aliyense amene amadziwa tanthauzo la kumeta maliro kapena kusonkhananso pa chiliza amamvetsa chimene chikukanidwa pamenepo popanda womufotokozera. Zigawo zimenezi ndi zimene ngakhale odandaula ambiri anavomereza kuti zinagwira mtima.

Koma chisankho chomwecho chinabweretsa katundu wina. Letitia Wright, amene mu filimu yoyamba anali wa nthabwala wothandizira, anayenera kusenza nkhani yonse. Filimu imodzi inafunika kulira maliro, kukhazika wolowa m'malo, kufotokoza dziko latsopano la Talokan, kwawo kwa Namor, lotengera chikhalidwe cha Amaya a ku Mexico ndi chinenero chawo, komanso kutsegulira njira mafilimu ena. Ntchito yojambula nayo sinayende bwino: inayamba mu June 2021 ku Atlanta, Wright anavulala mu August akujambula ku Boston, ntchito inaima mu November n'kuyambiranso mu January 2022.

Ndalama za matikiti si phindu

Chiwerengero chimene manyuzipepala amalengeza ndi ndalama zonse zimene anthu alipira pakhomo. Eni nyumba zoonetsera mafilimu amatengapo pafupifupi theka, ndipo ku China kampani yopanga filimu imalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake anthu a ntchitoyi amagwiritsa ntchito lamulo lachidule: filimu iyenera kutolera kuwirikiza kawiri ndi theka ndalama zimene inajambulira kuti ibweze mpamba. Malipoti ambiri amati Wakanda Forever inadya madola pafupifupi 250 miliyoni. Pa lamulo limenelo inafunika madola 625 miliyoni, ndipo inapeza 859 miliyoni. Mpamba unabwerera.

Nanga bwanji ena amati inalephera? Taganizirani munda umene chaka chatha unabereka matumba 50, chaka chino n'kubereka 32. Banja lidya, ngongole ya feteleza ibwezedwa, koma mwini munda akumbukirabe 50 aja. Kusiyana kwa mafilimu awiriwa kuli pa mlingo womwewo.

Odziwa za malonda a mafilimu sayang'ana kwambiri sabata yoyamba, chifukwa imeneyo imayeza mphamvu ya otsatsa. Amadikira yachiwiri, imene imayeza zimene oonera akauza anzawo. Filimu yoyamba inayamba ndi madola 202 miliyoni ku America ndi Canada, n'kutsika ndi 45 peresenti yokha sabata yachiwiri, ndipo inamaliza ndi 700 miliyoni kumeneko. Yachiwiri inayamba ndi 181 miliyoni, n'kutsika ndi 63 peresenti, n'kumaliza ndi pafupifupi 454 miliyoni. Kutsika kotere si kwachilendo pa mafilimu a Marvel, koma kumasonyeza kuti anthu sanabwerere kukaionera kawiri katatu monga anachitira mu 2018. Filimu ya maliro si imene munthu amathamangira kukaionanso.

Palinso zifukwa zosakhudza ubwino wa filimu. Yoyamba inapeza madola opitirira 100 miliyoni ku China. Yachiwiri inaloledwa kumeneko mu February 2023, itayamba kale kuonetsedwa pa Disney+, ndipo inapeza zochepa kwambiri. Mu 2022 anthu ambiri anali asanabwerere m'maholo pambuyo pa Covid-19. Kutalika nakonso kumadya ndalama: filimu ya mphindi 161 imaonetsedwa maulendo ochepa pa tsiku kuposa ya mphindi 134, ndipo patangotha milungu isanu Avatar: The Way of Water inatenga maholo akuluakulu. Ndipo ziwerengerozi siziona munthu amene anaionera pa foni, pa fulashi yobwereka kapena m'kanyumba ka vidiyo ikumasuliridwa m'Chichewa. Kumene nyumba za kanema n'zochepa, chikondi cha anthu pa filimu sichilowa m'kaundula ameneyu.

Malikisi atatu, mafunso atatu

Chiwerengero chotchuka kwambiri ndi cha Rotten Tomatoes, tsamba la pa intaneti losonkhanitsa ndemanga za mafilimu, ndipo ndi chimene anthu ambiri amachimva molakwika. Wakanda Forever ili ndi 84 peresenti, yoyamba 96. Zimenezi sizitanthauza kuti filimuyo yapeza malikisi 84 pa 100. Zikutanthauza kuti mwa olemba ndemanga 100 aliwonse, 84 anati ndi yabwino kusiyana n'kuipa. Zili ngati kalasi imene ana 84 mwa 100 akhoza mayeso: sitikudziwapo ngati akhoza ndi 55 kapena ndi 95. Filimu imene aliyense akuti "ilibe vuto" ikhoza kupeza chiwerengero chachikulu kuposa imene theka la anthu laikonda kwambiri pomwe theka lina laida.

Metacritic imayesa kuyankha funso linalo. Imasandutsa ndemanga iliyonse kukhala malikisi n'kupeza apakatikati, ndipo ndemanga za manyuzipepala ena imazipatsa mphamvu yoposa ena. Kumeneko yoyamba ili ndi 88, yachiwiri 67. Apa kusiyana kukuoneka bwino: ambiri anavomereza yachiwiriyi, koma mopanda moto wa poyamba.

CinemaScore imafunsa anthu wamba akutuluka mu holo usiku woyamba m'mizinda ingapo ya ku America, ndipo amapereka malikisi kuyambira A+ mpaka F. Yoyamba inapeza A+, yachiwiri A. Kumbukirani kuti ofunsidwawo ndi amene anagula tikiti ya tsiku loyamba, kutanthauza okonda kale. Pa mafilimu a ngwazi, B ndi chenjezo. Malikisi amene aliyense angathe kuponya pa intaneti ndi osadalirika kwambiri, chifukwa magulu a anthu okwiya amatha kugwirizana kutsitsa filimu imene sanaionere.

Zimene zinayamikiridwa n'zofanana pafupifupi m'ndemanga zonse: Angela Bassett ngati Ramonda, Tenoch Huerta ngati Namor, zovala ndi nyimbo. Bassett anapambana mphoto ya Golden Globe ndipo anakhala woyamba kusankhidwa kupikisana pa Oscar chifukwa cha kasewero ka mu filimu ya Marvel Studios. Filimuyi inasankhidwa pa mphoto zisanu za Oscar n'kupambana imodzi, ya Ruth E. Carter, amene anakhala mayi woyamba wachikuda kulandira ma Oscar awiri. Zodandaula nazo n'zofanana: kutalika, nkhani zam'mbali, nkhondo yomaliza imene imaoneka yopangidwa kwambiri pa kompyuta, ndi mdima wa zigawo za usiku ndi za pansi pa madzi. Mdimawo unali wadala, kuti nyanja ioneke yakuya ngati yeniyeni, koma umafuna makina owala bwino. Mu holo ya nyali yofooka, pa foni masana, kapena pa kope yojambulidwa mobisa ndi kamera, mzinda wa Talokan umangooneka bii, ndipo woonerayo amaweruza filimu imene kwenikweni sanaione.

Zimene sizinayankhidwe

Nkhani ya T'Challa sinathe. Kumapeto kwa filimu Shuri amaonetsedwa mwana wa mchimwene wake, amene nayenso dzina lake ndi T'Challa. Ena amati imeneyi ndi njira yaulemu yobwezeretsa dzina osalowa m'malo mwa Boseman. Ena amati ndi kungochedwetsa chisankho chimene kampani idzachitebe. Filimu yachitatu, imene Denzel Washington ananena mu 2024 kuti Coogler akumulembera mbali, ndi imene idzaonetse njira imene asankha.

Funso lina ndi lakuti kutsika kwa ndalama kunali kwa filimuyi yokha kapena anthu ayamba kutopa ndi ngwazi. Umboni ukukokera uku ndi uku: The Marvels ya 2023 inangopeza madola pafupifupi 206 miliyoni padziko lonse, koma Deadpool & Wolverine ya 2024 inadutsa 1.3 biliyoni.

Palinso funso la Africa yeniyeni. Wakanda inamangidwa kwambiri m'nyumba zojambulira za ku Georgia, ku America, ndipo phindu lake limapita ku kampani ya ku America. Oimba monga Tems ndi Burna Boy anamveka m'nyimbo za filimuyi, osewera a ku Africa anaoneka ndi dziko lonse. Kodi zimenezi zikutsegulira khomo opanga mafilimu a ku Lagos, Lusaka kapena Lilongwe, kapena zikungophunzitsa oonera kuyembekezera Africa yonyezimira imene bajeti ya kuno singaikwanitse? Ndipo kodi filimu imene inalembedwanso chifukwa cha imfa iyenera kuyezedwa ndi muyezo wa filimu imene ikanakhalapo Boseman akanakhala moyo, imene palibe amene adzaionere?